Mlatho wa a Pulofesolo

Amayi, kodi mukukhala bwanji kumene muliko?

Ndiyambe ndi bodza limene likuyenda m'Nsadzo muno, poti mwina lafika kale kwa inu. Akuti ine anandichotsa ku univesidade chifukwa masamu anandikanika, nzeru zonse za m'nyumba mwanu zinapita kwa achimwene Anselimo. Inu mukudziwa. Ndinasiya chaka chachitatu chili pakati kuti ndidzakudwazikeni, iwo n'kutsala ku Maputo. Masamuwo ankakopera kwa ine.

M'bale wathu Lusiya wabereka mwana wamkazi, tamutcha dzina lanu. Chimanga tinakolola pang'ono, tabisa kuphiri.

Achimwene tsopano ndi pulofesolo wa zamisewu ndi milatho. Pa maliro anu sanabwere, pometa sanabwere. Kalata yawo ndiye inabwera, kudzera kwa ansembe. Akuti adzafika pa misa ya chikumbutso chanu ndi koluna, magalimoto operekezedwa ndi asilikali aja, ife tikakonza kamlatho ka pamtsinje pathu. Anaikamo chojambula cha masamba anayi, mtengo uliwonse ndi muyeso wake. Munthu wophunzitsa misewu, osadziwa kuti msewu wathu tinausiya dala kuti umere thengo, poti msewu wolambula umaitana nkhondo! Paja munkanena kuti Anselimo amaona msewu, koma saona amene akubwera mumsewumo.

Akuluakulu a mpingo anavina nayo kalatayo. Nditawaletsa, anati ndi nsanje ya munthu wolephera. Mawu amenewo anandilowa, Amayi, ndipo ndinachita zopusa. Ndinatenga chojambulacho n'kupeza kuti a Pulofesolo anawerengera matabwa a m'sitolo, ngati kuno kuli sitolo. Ndinawerengeranso ndi mitengo yathu ya tsanya, ndipo ndinaima pamtsinjepo masabata atatu, kukalipira amuna. Mlatho unalimba. Ndinkafuna achimwenewo abwere, awoloke pa ntchito ya manja anga, akagwade pamanda panu.

Oyamba kufika anali anthu a m'tchire aja, amene akumenyana ndi boma. Mlathowo anausonkhera moto, koma tsanya wamuwisi anakana kuyaka, ndiye mkwiyo wawo unathera pa nyumba zinayi za m'mbali mwa mtsinje. Palibe anafa. Koma akuluakulu omwe aja tsopano akuti Rozalina ndiye anaitana moto ndi kudzionetsera kwake. Dzina la a Pulofesolo silikutchulidwa. Iwo ndi ophunzira, ine ndine mkazi wamakani.

Musade nkhawa. Misa yanu ichitika Loweruka, ngakhale tikhalepo atatu, ndipo pamanda ndilambula ndekha. Ndimakukondani, ngakhale munkamuikira kumbuyo mwana wanuyo.

Ndine mwana wanu,
Rozalina

Koluna inawoloka pamlatho paja dzulo, magalimoto asanu ndi awiri. Achimwene munalibe.