Mboni Yanga Ndi Wometa

14 Julaye

Okondedwa achemwali,

Kalata yanu ndalandira, pamodzi ndi malangizo ake onse khumi ndi awiri. Zikomo. Ine ndili moyo ndithu, ndipo amene anayamba kale kuyeza mipando yanga ndi maso ayambe adikira.

Mwafunsa za kuthamanga. Mukudziwa kuti chitulukireni m'chipatala muja mtima unandigwetsa, mwana wanga wamkaziyu wakhala akufuna kunditenga kuti ndizikakhala kwake. Anandikonzera kale chipinda choyang'anizana ndi bafa, ndi mpando wa pakhonde woti ndizisinzirapo ngati mphaka wokalamba. Ndinakana. Nyumba ino tinamanga ndi malemu mlamu wanu, ndipo ndidzatuluka muno atandinyamula. Tinagwirizana chimodzi: ndikhala kuno malinga ndizimvera dokotala. Ndikangophwanya lamulo limodzi, galimoto ibwera kudzanditenga.

Dokotalayo ndi kamtsikana kadzulodzuloli, koti ndikanakhala ndidakali mphunzitsi wamkulu ndikanamakatuma choko. Kanandilembera pepala: mwezi woyamba kuyenda basi, wachiwiri kuthamanga mphindi imodzi n'kuyenda ziwiri, mapiritsi a bipi m'mawa uliwonse, ndi kena kam'thumba koika pansi pa lilime chifuwa chikathina. Ine, amene ndinkamaliza makilomita khumi n'kukalowa m'kalasi osapuma. Ndiye kanandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti, "Bambo, musamathamange nokha. Ndipo muzithamanga liwiro loti mukutha kucheza ndi mnzanu. Mawu akayamba kudukaduka, imani."

Kucheza ndi yani? Othamanga a mumsewu mwathu muno ndi antchito a m'maofesi otseka makutu ndi tizingwe, amene ngakhale galimoto iwaimbire hutala sakumva. Palinso amayi atatu ovala zofanana, oyenda mapazi makumi awiri n'kuima kumajambulana. Amene anatsala ndi wometa wa pakona uja, wodwala shuga, amene nayenso anauzidwa kuti azigwedeza thupi. Munthuyu chibadwire sanathamangitsepo ngakhale nkhuku. Mimba ili patsogolo, nsapato n'zosiyiridwa ndi mkamwini wake, ndipo amaponda pansi ngati wasenza mazira. Koma pakamwa, achemwali, pamenepo ndiye palibe shuga. Tisanafike pa thanki ya madzi ndimakhala ndamva amene wathawidwa ndi mkazi, amene wagula firiji, ndi chifukwa chake timu yake inagonja. Ine ndimangoyankha kuti "ee", kuti lamulo la dokotala likwane.

Mwana wanga atamva zimenezi anakondwa zedi. Anapita kukamugwira dzanja wometayo n'kumuuza kuti, "Amalume, mukhale maso anga. Akachita makani mundiuze." Taonani pamene ndafika. Zaka makumi atatu ndi zisanu ndikulemba malipoti a ana a eni, lero lipoti langa lili m'manja mwa wometa.

Tsono pali zimene sindinamuuze aliyense, ndipo inunso zithere pomwepo. Sabata yachisanu ndi chiwiri, tili pa mphindi yoyenda ija, anatipitirira bambo wina amene ndinamuphunzitsa kale, mbuli yotheratu pa masamu. Anatembenuka akuseka n'kunena kuti, "Aphunzitsi, ndinu omwe aja munkatisiya m'mbuyo pa bwalo?" Magazi anandikwera. Ndinayankha mokweza, ndikuloza wometa, kuti, "Ndikuperekeza wodwala uyu. Ndikanakhala ndekha ukanangoona fumbi." Ndipo ndinaliyatsa liwiro.

Ndisaname, zinali zokoma. Ndinamupitirira mbuli uja pafupi ndi sitolo ya njerwa zofiira, ndinakwera chitunda chonse mawondo akumvera. Pamwamba pake chifuwa chinathina ngati wina wachimanga ndi lamba. Ndinakhala pansi m'mphepete mwa ngalande. Kapiritsi kaja kanali m'thumba, koma zala zinakana kutsegula zipi. Ndinachita mantha, achemwali, mantha enieni. Wophunzira wanga uja anali atakhotera msewu wina, sanaone n'komwe.

Amene anafika ndi wometa, akuthamanga zenizeni, mimba ikudumpha, nsapato imodzi itamasuka. Anatsegula zipi, anandiika kapiritsi pansi pa lilime, n'kundigwira mutu ndi manja ake onunkha sipiriti mpaka mpweya unabwerera. Anandiuza kuti tipite kuchipatala, ine ndinakana. Anandiperekeza kunyumba pang'onopang'ono, n'kundisiya pa geti.

Loweruka mwana wanga anabwera, n'kuitanitsa mboni yake. Ndinakhala pa sofa ndikuwerenga mumtima malaya oti ndilongedze, pakuti chinsinsi chosungitsa wometa ndi chinsinsi cha msewu wonse. Wometayo anamwa tiyi makapu awiri opanda shuga, anafotokoza za mitengo ya malezala, za mvula, za mano a apongozi ake. Mwana atatopa anafunsa kuti, "Koma adadi akumvera?"

"Ngati mwana wa sitandade wani," anatero, diso lili gwa.

Munthu wonama bwino chonchi sindinamuonepo, ndipo ndinadziuza kuti n'chifukwa chake sanapite patali ndi sukulu. Mwana anabwerera kwake mtima uli m'malo.

Lolemba ndinaima pa geti nsapato zili kuphazi mpaka dzuwa linaswa mtengo. Wometa sanabwere. Ndinamulondola kometera kwake, ndinamupeza akutsuka zipeso. "Aphunzitsi," anatero osandiyang'ana, "ndanama kamodzi kwa mwana amene amandikhulupirira. Kachiwiri ndidzanama pa maliro anu, ndipo zimenezo ayi. Pezani wodwala wina woti muzimuperekeza."

Taonani matama a munthu wometa. Lero ndi tsiku lachisanu ndi chinayi ndisanathamange, pakuti ndekha sindingayerekeze. Mapazi ayambanso kutupa. Pa 28 ndikaonana ndi kadokotala kaja, mwana adzakhala pomwepo, ndipo sikelo ndi makina a bipi sizidziwa kunama ngati wometa. Sabata ino ndapita kukameta katatu. Dazi langa mukulidziwa, palibe choti n'kumeta. Amandiveka nsalu m'khosi, amayendetsa makina pamutu mwaulemu wonse, uku akucheza ndi ena onse ali pa benchi. Kwa ine amangoti, "Mwatha, aphunzitsi." Nkhani ya amene anathawidwa ndi mkazi uja inathera pakati, ndipo ngakhale ndi nkhani yopusa, sindikudziwa kuti mkazi wake anabwerera kapena ayi.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze achepetse mchere asanagwe m'manja mwa tiana ta magalasi. Moni kwa adzukulu onse. Mwana wanga akakuimbirani, mumuuze kuti ndili bwino, osaonjezera kanthu. Kwa dokotala ndikanena ndekha za chitunda chija, koma ndikufuna ndikanene wometa ali pambali panga, kuti mwina mwana wanga angandisiye m'nyumba mwanga. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, choncho mawa ndipitanso pakona paja. Kungoti pali chimodzi chimene ndikupempha, ndipo musandiseke. Tili ana, ndikalakwira munthu, munkapita ndinu kukapepesa ine nditabisala kuseri kwa nyumba. Mundiyankhe msanga, mundiuze kuti munkayamba ndi mawu ati.

Ndine mlongo wanu,
Mphunzitsi wopuma uja