Makatani Ndamusiyira Msuweni

Lamlungu, 16 Juni

Okondedwa achimwene,

Muli bwanji kumeneko? Nanga mwendo wa amayi wasiya kutupa? Ine ndili bwino, kungoti mtima sunakhale pansi.

Lachiwiri pa 4 anandiitana ku ofesi. Munali bwana wa famu, akapitawo, ine ndi msuweni wathu uja ndinamupezera ntchito kunoyu. Mukudziwa kuti matimati timalima m'mashedi aatali a pulasitiki. M'kati mwake muli makatani okhuthala amene timakoka pamwamba pa mbewu dzuwa likamalowa, kuti zisapse ndi chisanu. Ntchito imeneyi ndaigwira zaka zitatu.

Pa 3 akapitawo ananditumiza kukalongedza mabokosi. Ndinapempha msuweni kuti anditsekere shedi yachitatu, iye n'kuvomera akuseka. Sanatseke. Kutacha tinapeza mitengo 212 itapsa. Mu ofesimo analumbira kuti sindinamuuze kanthu. Ndinatulutsa kope langa momwe ndinalemba nthawi imene ndinamuuza, 4 koloko, koma akapitawo anati kope limalemba zimene mwini wake akufuna. Panopa ndikutsuka makireti, makatani anapatsa iyeyo. Msuweniyo akamadutsa amanditchula Mayi Kope, n'kumafunsa ngati sopo ndikumulembanso.

Achimwene, pali chinthu chimodzi chimene sindinamuphunzitse. M'mawa katani satsegula lonse nthawi imodzi. Umayamba watsegula kampata ngati chikhatho, n'kudikira theka la ola, kuti mphepo yozizira yapamwamba itsike pang'onopang'ono. Iye amangokoka kamodzi kuti athamangire tiyi. Mphepo ija imagwera pa mbewu zofunda, masamba n'kunyowa, ndipo chuku chayamba kugwira. Pa 10 ndinaona mizere iwiri yodwala. Dzulo inali isanu ndi umodzi. Ndimadutsa ndi makireti anga, ndimupatsa moni bwinobwino, ndiwerenga, ndipitirira. Mbewuzo zimandimvetsa chisoni, poti ndinaziokera ndekha, koma pakamwa panga sipatseguka.

Bwana adzayendera mashedi pa 24. Tsiku limenelo ndidzavala yunifolomu yochapa, ndikaime pomwe msuweni angandione. Bwana akadzandifunsa za chukucho, ndidzafotokoza pamaso pa onse, mofatsa, ndipo ndidzapempha ntchito yanga.

Pempho langa ndi limodzi. Akadzamuchotsa ntchito msuweniyo, azakhali adzabwera kwa inu akulira kuti ndikamupepesere mwana wawo. Muwalandire, muwapatse mpando, koma musandiimbire foni ali pomwepo, ndipo musawalonjeze kanthu m'dzina langa. Muwauze kuti ndidzayamba kumva pempho lawo iye akadzanena yekha pamaso pa bwana kuti pa 3 ndinamuuza.

Mundiperekere moni kwa amayi, alamu ndi ana onse. Azakhali nawonso muwapatse moni, koma kalatayi asaione mpaka pa 25.

Ndine mlongo wanu,
Wachiwiri kubadwa