Dzino la Yamikani Lili Padenga

Amayi, Yamikani watupa tsaya mpaka diso lakumanzere latsekeka. Lero ndi tsiku lachitatu. Pakamwa sipakutseguka, ngakhale supuni ya phala ikukanika kulowa, thupi likutentha ngati mbaula, ndipo kutupako kwayamba kutsikira kukhosi. Ndikamuuza zakuchipatala akungotembenukira kukhoma. Ndikuopa kuti andifera m'nyumba ya eni ake.

Ndayamba ndi zimenezi chifukwa mtima suli m'malo. Kodi kumeneko mwadzuka bwanji, Amayi? Chifuwa chija chinakusiyani? Ife kuno tilipo, kukhalapo kwake komweko. Ndikadali pantchito ya m'nyumba ku Area 47, kwa adona omwe aja, ndipo tikugona m'kanyumba ka antchito kuseri. Bambo ake a Tadala chipitireni ku Joni, nambala yawo inasiya kugwira. Munda wanu wa ku Mitundu chimanga sichinachite bwino chaka chino, mtedza ndiwo unayesako. Tadala, mdzukulu wanu amene munamusiya akuphunzira kuyankhula, wayamba sitandade 1. Pakamwa ndi inu ndithu, sagonja.

Mukuwakumbukira mano a mwana wanu wamwamuna? M'mawa munkatiimika kuseri kwa nyumba, mswachi wa kamtengo ndi makala osinja. Ine munkangoti fulumira ukatunge madzi, koma iye munkamugwira chibwano, n'kumati, "Tsegula ndione," kuyang'ana dzino limodzilimodzi. Munkati, "Uyu akadzaseka mu ofesi, abwana adzamukweza tsiku lomwelo." Ine munandisiyitsa sitandade 6 kuti iye apitirire. Munkati mlongo wanga ndiye adzakhale mwinimbumba, nkhoswe yanga, wondiyankhulira zinthu zikavuta. Mu ofesi sanafikemo, koma ku msika wa Tsoka nsapato zake za kaunjika zinkayenda, chifukwa akaseka, azimayi ankaima ngakhale alibe nazo ntchito.

Mutamuona lero simungamudziwe. Mutangopita inu, mano akutsogolo anayamba kuda m'mphepete mwa nkhama, kenaka kumabenthuka okha, munthu akudya mbatata yophika. Nkhama zinafiira, zinatupa, akalavula ndi magazi. Fungo la m'kamwa linafika poti kasitomala akawerama kuti ayese nsapato, ankadzuka n'kumapita. Anzake a pamsika anamupatsa dzina loti Agogo, mnyamata wa zaka makumi awiri ndi zinayi. Anayamba kuyankhula ataphimba pakamwa ndi dzanja, kenaka anasiyiratu kupita kumsika. M'pamene ndinamutenga kudzakhala nane, nditawagwadira adona.

Ine uchitsiru wanga ndinkati ndi mphutsi za m'mano, monga munkanenera inu dzino likamawawa. Ndinapita naye kwa bambo wina kuseri kwa msika waukulu, chakumtsinje. Anamufunditsa nsalu, kumufukiza utsi wa tinjere pa makala, kenaka n'kutionetsa tinthu toyera tikuyandama m'mbale ya madzi. Ndinawomba m'manja, ndinathokoza. Yamikani ankangoyang'ana pansi. Ankadziwa kuti mphutsi palibe, koma anandisiya ndiwombe m'manja mpaka kumaliza.

Mwezi watha ndinamukokera kuchipatala cha mano. Adokotala ake anali mayi wachikulire, wofatsa. Anangosuzumira m'kamwa pang'ono n'kumufunsa kuti, "Achimwene, mumamwa chiyani, mumasuta chiyani? Ndiuzeni, sindine wapolisi." Mwana wanu anadzuka pampando, n'kutuluka osatsanzika. Ndinatsala ndekha, manyazi ali thoo, ndipo adokotalawo anandikhazika pansi.

Anati ndi mankhwala a chifuwa amadzi aja. Achinyamata amawathira mu zakumwa zotsekemera n'kumapsontha tsiku lonse kuti aledzere, ndiye shuga amakhala pamano kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Anati mankhwalawo, ndi chamba, ndi timapiritsi tina, zimaumitsa malovu, pomwe malovuwo ndi amene amatsuka m'kamwa. Munthu amakukuta mano osadziwa, mswachi amauiwala, ululu saumva msanga, dzino n'kuola mpaka kumuzu iye ali phee. Pomaliza anandigwira mkono n'kunena kuti akadzatupa mpaka kukhosi ndisadzachedwe, chifukwa mafinya akafika pamenepo amatseka mpweya. Amayi, mafinyawo afika.

Tsopano ndikuuzeni chomwe chikundiwawa, ngakhale kuti akufa sitiwakalipira. Ndikubwerera pa minibasi tsiku limenelo ndinakumbukira. Inu mukudwala, Yamikani ndiye ankakugulirani mankhwala a chifuwa. Botolo loyenera kutha sabata linkatha masiku awiri. Ndikafunsa munkati, "Ndataya ndine, manja akunjenjemera." Katatu konse munatero. Ulendo wina munati mwina Tadala wagubuduza, ine n'kumumenya mwana wosalakwa, wosatha n'kudziyankhulira komwe. Pansi panalibe ponyowa, Amayi. Wokolopa ndinali ine.

Munkadziwa. Munkamuona akumwa mankhwala anu, inu chifuwa chikukung'ambani, n'kumamubisa. Tsiku lomaliza munandigwira dzanja kuti, "Esinati, usadzamutaye mlongo wako." Ndinavomera ndikulira. Bwanji simunandiuze chomwe mukundisenzetsa? Mukanangonena mawu amodzi, ndikanayamba kulimbana naye mano akadalimo. Munamukonda mpaka kumuwoletsa m'kamwa.

Sabata yatha Tadala dzino lake loyamba linachoka. Yamikani, tsiku limenelo anali bwinoko, anamutengera panja n'kumuphunzitsa zomwe munatiphunzitsa inu, kuponya dzino padenga kuti pamere lina. Mwana anasangalala kumva likulira pamalata. Patapita masiku awiri ndikuchapa, ndinamvanso kanthu kakugwera padenga. Ndimfunse Tadala, akuti, "Ndaponya la amalume. Ndalipeza m'beseni. Nawonso amere lina." Chinali chibenthu chakuda, Amayi, mwana wanga anachigwira m'manja. Yamikani anamva ali m'nyumba. Sanatuluke tsiku lonse. Ine ndinalephera kumuuza mwanayo kuti munthu wamkulu sameranso.

Ndipo dzana lija, tsaya litangoyamba kutupa, ndinabwera masana kuchokera kunyumba yaikulu kudzaona ngati Tadala wadya. Ndinamupeza atagona pansi pakhomo, yunifolomu ili m'thupi, milomo ili yofiira ngati wadya switi. Pambali pake botolo la chakumwa chothira mankhwala aja, limene amalume ake amabisa m'nsapato yakale pansi pa bedi. Ndinamugwedeza, ndinamuitana, ndinamuthira madzi kumaso, ankangotsegula maso n'kutsekanso. Ndinamubereka n'kuthamangira kukachipatala ka pafupi, opanda nsapato. Anamwino anati Mulungu ndi wamkulu, wamwa pang'ono. Atatsitsimuka bwino mawu ake oyamba anali akuti, "Zinali zokoma, amama." Mawu amenewo akundilira m'makutu mpaka pano. Adona ndinawanamiza kuti ndi malungo. Akadziwa zoona, tonse atatu tili panja pa geti.

Ndinamukalipira mwinimbumba wanu. Ndinanena zoipa zomwe sindingazilembe.  Misozi inkangotsika pa tsaya lotupalo. Poti pakamwa sipakutseguka, anandilembera papepala kuti, "Achemwali, ndisiyeni, kuchipatala akandiseka." Taonani, akuopa kusekedwa kuposa kufa. Munthu amene munamulera kuti mano ake ndiwo ulemu wake, lero akusankha manda kusiyana n'kutsegula pakamwa pamaso pa anthu.

Ine sandimvera. Sanandimverepo chibadwire, munamuphunzitsa ndinu kuti Esinati ndi wotunga madzi. Amamvera inu nokha. Panopa Tadala ndamusiya kwa mayi wogulitsa tomato pakona, ndipo ndauza wa njinga yamoto kuti afike pageti 2 koloko. Ndekha sindingamunyamule, ndipo ndikamukoka ndi mphamvu adona amva phokoso. Ayenera kudzuka yekha.

Ndikulonjezaninso, ngakhale munandinamiza: sindimutaya. Ndikakhala naye pambali pa bedi, ndikamudyetsa phala ndi kasupuni, mano onse akawazula ndidzamuphikira zofewa mpaka atazolowera. Koma iye ndi botolo lake sadzagonanso m'nyumba mmene muli Tadala. Pamenepo mundikhululukire, kapena musandikhululukire. Nanenso ndili ndi mwana, ndipo wanga sindimubisira.

Ndiye bwerani, Amayi. Bwerani tsopano lino, musadikire mdima, iyeyu amagona masana ndipo panopa wagona, mpweya ukulira pakhosi. Mulowereni kutulo. Musakamunyengerere, musakamuuze kuti ndi wokongola. Mumugwire chibwano monga munkachitira kuseri kwa nyumba, mumuuze kuti tsegula ndione, muone nokha chomwe munabisa. Kenaka mumuuze adzuke, avale shati, akwere njinga.

Ndimakukondanibe, n'chifukwa chake zikuwawa chonchi. Fulumirani.

Ndine mwana wanu wamkazi,
Esinati