Ndakuchotserani eko pa vesi yachitatu

Amayi, kwacha bwanji kumene muliko? Kaya kuzizira kwa Mzuzu kumakupezaninso, ife kuno ndiye kwatikwana chomene.

Ndiyambe ndi yabwino. Mlamu wanga, mkazi wa Yotamu, wachira. Mwana ndi wamkazi, ndipo mphuno ndi yanu ndendende, musakane. Mapeyala anu aja abereka mpaka nthambi ina yathyoka. Koma dimba la ku Ching'ambo iwalaniko. Mwini malo wamangapo zipinda za ana a ku yunivesite, ndipo pamene munkadzala mpiru pano pamayanikidwa mathalauza.

Chimene ndakulemberani kwenikweni ndi nyimbo ija. Mukukumbukira tsiku limene munabwera ku situdiyo yathu ku Chibanja ndi amayi anzanu a kwaya, matenda atayamba kale kukufoolani? Munaimba nokha mizere iwiri ya vesi yachitatu, mawu atasasa. Patangopita milungu yochepa munatisiya. Chaka chino amayiwo agwirizana kuti nyimboyo ituluke pa tsiku la chiliza chanu, ndipo ntchito yosakaniza mawu inagwera ine.

Amayi, ndinalakwitsa. Pantchito pathu pali chinthu timachitcha rivebu, amayi anzanu amangoti eko. Chimachititsa mawu kumveka ngati munthu akuimba m'tchalitchi chachikulu mulibe anthu. Mawu opanda eko timati ndi ouma, okhala nayo yambiri timati ndi onyowa. Ine nditamva kusasa kwa mawu anu ndi kupuma kwanu kobanika, mtima unandiwawa. Ndinathira eko yambirimbiri nyimbo yonse kuti matendawo asamveke. Mayi Gondwe, apampando a kwaya, anavina nayo. "Yewo chomene, mwana wanga! Tikumveka ngati angelo."

Adada ndiye ayi. Ndinawayatsira pa foni Lamlungu titaweruka ku tchalitchi. Anamvera mpaka pa vesi yanu, kenako anakankha foniyo. "Uyu si Nabanda wanga. Uyu akuimbira kutsidya lija. Tinamukwirira kale, ukufuna umukwirirenso? Chotsamo." Mukuwadziwa amuna anu akati chotsamo. Mayi Gondwe atamva anati palibe vuto, mizere iwiriyo adzaimbanso mayi wina Loweruka. Apa ndiye ndinachita mantha. Nyimbo imene mawu anu anajambulidwamo ndi yokhayo, ndipo mukanasowa m'kwaya imene munaiimbira zaka zonse zija.

Lolemba m'mawa ndinakhala pa kompyuta nditatupa ndi mkwiyo. Ndimati adada, munthu wa misomali ndi matabwa, akudziwapo chiyani za nyimbo? Kenako ndinakumbukira mmene munkandikalipirira ndikamakuyankhani ndili kuseri kwa nyumba: "Wezi, munthu ukamalankhula naye umamuyandikira, azikuona pakamwa." Ndinazimitsa eko yonse n'kumvera mawu anu ali ouma. Mayo ine! Munali pafupi ngati mwakhala pampando wa pambali panga. Ndinalira, ndisaname.

Koma kuchotsa eko nyimbo yonse sikukanatheka, chifukwa amayi makumi awiri m'kachipinda kathu kaja amamveka ngati atsekeredwa m'kabati. Ndiye ndinachita chimene ndikanachita poyamba pomwe. Pa kompyuta pali kamzere kamene umakakoka wekha, kouza makina poti akweze eko ndi poti aitsitse nyimbo ikamayenda. Pamene kwaya yonse ikuimba ndinakasiya m'mwamba. Vesi yanu ikamayandikira ndinakatsitsa pang'onopang'ono kuti khutu lisadabwe, mpaka kanatsala pang'ono kugunda pansi. Pa liwu lanu lomaliza ndinakakwezanso, kuti liwulo litalike pang'ono amayi anzanu asanakulandireni. Kupuma kwanu sindinakukhudze.

Masiku atatu athunthu, pa mizere iwiri yokha! Mukanandiseka kuti ndi ntchito yanga yoseweretsa mabatani ija. Chonsecho ndi inu nomwe munandiikira kumbuyo pamene achibale ankati mtsikana wa digiri sangakawole m'situdiyo. Munawayankha kuti, "Msiyeni, khutu ndi lake." Zikomo, Amayi. Muli moyo sindinakuthokozeni mokwanira, ndinkangothamangira kuntchito.

Lachisanu masana adada anabwera ku situdiyo, atavala jekete, atakwinya nkhope. Mpando anaukana. Ndinayatsa nyimbo. Vesi yoyamba inadutsa iwo ali chiimire. Yachiwiri, chimodzimodzi. Itafika yanu, munakoka mpweya n'kuyamba ndi mawu osasa aja. Adada anatembenukira kwa ine mwachangu: "Iwe, apatse madzi amayi ako!"

Anazindikira okha chimene anena. Anafufuza mpando ndi dzanja n'kukhala pansi. Patapita kanthawi anati, "Bwereza." Ndinabwereza kasanu. Potuluka anaima pakhomo, osandiyang'ana, n'kunena kuti, "Uwauze a Gondwe asavutike Loweruka."

Choncho nyimbo ituluka muli momo, Amayi, monga munalili tsiku lija. Ndikulonjeza kuti pa tsiku la chiliza pa makina ndidzakhalapo ndekha, ndipo vesi yanu ikadzafika palibe adzakhudze batani. Ndimakukondani, ndipo ndakusowani kwambiri.

Ndine mwana wanu,
Wezi