Mano a Bambo Harawa ndi Kavavu ka Eyakoni

ZOKAMBIRANA ZA KOMITI YOYENDETSA WAILESI YA M'CHIGWA

Tsiku: Loweruka, 19 Okutobala 2019
Malo: Pakhonde la nyumba ya wailesi, Mhuju, Rumphi

Opezekapo
Abusa Manasseh Luhanga (opuma), Wapampando
Mayi Lena Kachali, Mkulu wa wailesi
Bambo Hezron Nyasulu, Msungichuma
Bambo Rodney Chimbalanga, Mlangizi wa zaulimi, membala
Mayi Ida Chiumia, Mlembi

Oitanidwa
Bambo Gordon Harawa, woulutsa mawu
Mayi Diana Mfune, woulutsa mawu
Mayi Watipaso Khunga, katswiri wa mafiriji ndi maeyakoni wochokera ku Mzuzu

Opepesa
Mayi Muriel Kalua. Anatumiza uthenga kuti galimoto imene anakwera kuchokera ku Nchenachena yafera panjira.

1. Kutsegula msonkhano

Wapampando anatsegula msonkhano ndi pemphero nthawi ili 9:20 m'mawa. Anati tikhale pakhonde chifukwa m'chipinda cha misonkhano munali mosakhalika ndi kutentha, ndipo m'chipinda chokhacho chozizira, m'situdiyo, munali pulogalamu ya ana.

2. Zokambirana za msonkhano wapitawo

Mlembi anawerenga. Bambo Harawa, amene anali kuzimva koyamba, anapempha kuti mawu akuti "mano ogwedera" afufutidwe. Mlembi anafotokoza kuti iye analemba monga anayankhulira Bambo Nyasulu. Bambo Nyasulu anati sakukumbukira. Mamembala ena onse anati akukumbukira. Zokambiranazo zinavomerezedwa popanda kusintha.

3. Nkhani ya pulogalamu ya m'mawa

3.1 Mayi Kachali anakumbutsa komiti mmene nkhani inayambira. Chiyambire wailesiyi, Bambo Harawa ndiwo amaitsegula m'bandakucha: amapereka moni, kenako amawerenga mauthenga a maliro ndi a ziweto zosowa. M'mwezi wa Ogasiti omvera anayamba kudandaula kuti Bambo Harawa akangoyamba moni pamamveka kaphokoso kakuti khete-khete-khete. Womvera wina wa ku Thazima anaimba foni kunena kuti amenewo ndi mano oikirira, poti malemu amalume ake ankamvekanso choncho. Mbiriyo inafala chigwa chonse. Pamsonkhano wapitawo komiti inagamula kuti Bambo Harawa apume, Mayi Mfune ayambe awagwirira, ndipo lero tigamule zowapumitsiratu.

3.2 Wapampando anapatsa Bambo Harawa mwayi woyankhula. Iwo anaimirira, ngakhale anauzidwa kuti angathe kukhala, n'kunena kuti:

"Abusa, mano oikirira ndili nawo, akutsogolowa, sindikana. Koma ndaimba nawo kwaya zaka zonsezi, palibe anadandaulapo."

Anapitiriza kunena kuti tsiku lina anawachotsa n'kuwaika m'kapu, n'kuulutsa mawu opanda iwo. Kaphokoso kanamvekabe. Chimene chinasintha n'chakuti a banja la a Msiska anabwera kudzafunsa chifukwa chake dzina la malemu awo linatchulidwa mwa mtundu umenewo. Bambo Harawa anati kuyambira pamenepo anayamba kukayikira nsagwada zawo. Anati ana a pamsika amawatsatira akuwombetsa mano, moti anasiya kupita okha kukagula ndiwo, ndiponso Lamulungu lapitali anakana kuwerenga Mawu m'tchalitchi. Atanena izi anakhala pansi.

3.3 Mayi Mfune anati tsiku lawo loyamba, atangopereka moni, kaphokoso kaja kanamvekanso, ndipo womvera wina anaimba foni kufunsa kuti mwana wamng'ono chonchi mano anatha liti. Iwo ndiwo anakakamiza Mayi Kachali kuti aitane katswiri. Potembenukira kwa Bambo Harawa anati:

"Pulogalamuyo ndinkaifuna, adada, ndipo mpaka pano ndikuifuna. Koma sindingailandire chifukwa cha mano a munthu."

3.4 Bambo Nyasulu anati n'kutheka kuti vuto la mano lili ndi onse awiri. Wapampando anapempha Mayi Mfune kuti asavutike kutsegula pakamwa, komiti yawakhulupirira.

4. Lipoti la katswiri

4.1 Mayi Khunga anati anafika dzulo ndipo anayamba ndi kufunsa kuti chatsopano m'situdiyo n'chiyani chifikire mwezi wa Ogasiti. Anauzidwa kuti ndi eyakoni, makina oziziritsa chipinda amene abwenzi a mpingo anatipatsa kumapeto kwa Julaye. Anati kaphokoso kakuchokera mmenemo, m'kachipangizo kamene anakatcha kavavu kamagetsi, ndipo kavavuko sikakudwala ayi.

4.2 Wapampando anapempha kuti afotokoze m'chiyankhulo cha anthu. Mlembi walemba monga anamvera, ndipo Mayi Khunga awerenga ndimezi n'kuvomereza.

4.3 Anati m'mapaipi a eyakoni mumazungulira gasi. M'bokosi la kunja muli kompulesa imene imamupanikiza, ndipo akataya kutentha kwake kunjako amasanduka ngati madzi. Madziwo akamalowera m'chipinda amadutsa pakabowo kakang'ono kwambiri. Akangodutsa pamenepo kupanikizika kumatsika, amazizira, ndiye akafika m'bokosi la m'chipinda amayamwa kutentha kwa m'chipindamo n'kusandukanso gasi. Kavavuko ndiko kamayang'anira kabowoko. M'kati mwake muli kachitsulo konga singano kamene kamalowa n'kutuluka pakabowo, ndipo kamasunthidwa ndi kamota kamagetsi kamene sikazungulira mosalekeza ngati fani, koma kamayenda pang'onopang'ono, phazi limodzi, phazi lina.

4.4 Bambo Chimbalanga anafunsa kuti singanoyo imadziwa bwanji poima. Mayi Khunga anati pamapaipi anamangirirapo tizipangizo toyeza kutentha, ndipo timauza kabokosi kolamulira makina onsewo. Kabokosiko kakaona kuti gasi akutuluka m'chipinda atatentha kwambiri, kamadziwa kuti akulowa wochepa, ndiye kamauza singano ibwerere, bowo likule. Kakaona kuti akutuluka asanatenthe mokwanira kamatsekako msanga, chifukwa madzi akabwerera kukompulesa asanasanduke gasi, kompulesa imawonongeka. Anati kuyeza ndi kusuntha kumeneku kumachitika nthawi yonse imene makina akuyenda, koma mwakachetechete.

4.5 Bambo Chimbalanga anati ndiye kuti zili ngati munthu woyang'anira chitseko cha ngalande pa ulimi wothirira kwawo ku Thyolo, amene amatsegula madzi molingana ndi ludzu la munda. Mayi Khunga anati ndi choncho ndithu, kungoti uyu sapita kumaliro. Bambo Chimbalanga anayamba kufotokoza za ngalande za ku Thyolo. Wapampando anawathokoza.

4.6 Pa za kaphokoso, Mayi Khunga anati magetsi akadulidwiratu, kabokosi kolamulira kamaiwala pamene kanasiya singano. Magetsi akabwerera, chinthu choyamba kamakankha singano mpaka kutsekeratu bowo, n'kupitiriza kukankha kwa kanthawi kuti katsimikize kuti yafikadi, kenako n'kuyamba kuwerenga mapazi kuchokera pamenepo. Kukankhako ndiye khete-khete-khete. Anati amisiri amene anaika makinawa anaboola khoma kuseri kwenikweni kwa tebulo la maikolofoni, bowolo sanalitseke, ndipo paipi imakhudza thabwa la tebulolo. Anawonjezera kuti kaphokoso kamagwera woulutsa wa m'mawa chifukwa ndiye amayatsa swichi ya pakhoma n'kuyamba kuyankhula nthawi yomweyo.

4.7 Mayi Khunga anafunsa kuti n'chifukwa chiyani eyakoni imazimitsidwa pakhoma madzulo alionse pamene rimoti ilipo. Mayi Kachali anati limenelo ndi lamulo la Msungichuma. Bambo Nyasulu anati lamulolo linaikidwa ndi mtima wabwino, poteteza magetsi.

4.8 Bambo Nyasulu anati iwo sangavomereze chimene sanamve ndi makutu awo. Komiti yonse inazungulira kuseri kwa nyumba, pamene pali bokosi la kunja. Mayi Khunga anatsegula chivindikiro n'kutionetsa kavavuko. Ndi kachitsulo kosaposa chala chachikulu, kovala kachipewa kakuda kokhala ndi mawaya. Anatuma Mayi Mfune kukazimitsa swichi ya pakhoma n'kuyatsanso. Kaphokoso kanamveka bwinobwino. Popeza palibe anakumbukira kuti maikolofoni ya pulogalamu ya ana inali yotsegula, kanamvekanso pa wailesi ya pagolosale kutsidya kwa msewu, ndipo mwini golosale anamveka akuuza makasitomala ake kuti a Harawa abwerera. Zilembedwe kuti panthawiyo Bambo Harawa anali ataima pakati pa Wapampando ndi Mlembi, atatseka pakamwa.

4.9 Titabwerera pakhonde, Bambo Nyasulu anapereka ganizo lakuti kavavuko kadulidwe. Anati alamu awo, amene amakonza mafiriji ku boma, angathe kuwotchererapo kapaipi kakang'ono ngati ka m'firiji, kamene sikalira. Mayi Khunga anati kapaipiko m'firiji kamagwiradi ntchito, koma bowo lake silisintha, pamene situdiyo yathu m'mawa mumakhala munthu mmodzi, masana kwaya yonse ya amayi, ndipo makinawa amasintha liwiro molingana ndi zimenezo. Anatinso kabokosi kolamulira kangamapitirize kulamula kavavu koti kulibe. "Mukafuna kompulesa ina Khirisimasi isanafike, adada, duleni," anatero. Bambo Nyasulu anachotsa ganizo lawo, ndipo anapempha kuti zilembedwe kuti alichotsa pakadali pano.

5. Zogamulidwa

5.1 Mayi Khunga atseke bowo la pakhoma lero lomwe, akulunge paipi, ndipo tebulo lisunthidwe kuti lisakhudzane nayo.

5.2 Eyakoni izizimitsidwa ndi rimoti. Chikwangwani cha Msungichuma chimene chili pamwamba pa swichi chichotsedwe. Bambo Nyasulu anati achotsa okha.

5.3 Magetsi akathima n'kubwerera, kavavu kadzalirabe monga mwa chilengedwe chake. Woulutsa aziika nyimbo kaye mpaka katasiya.

5.4 Chigamulo chopumitsa Bambo Harawa chathetsedwa. Abwerera pa pulogalamu ya m'mawa Lolemba. Ganizoli anapereka ndi Bambo Chimbalanga, ndipo onse anagwirizana nalo.

5.5 Wapampando anapepesa Bambo Harawa m'malo mwa komiti. Anati tinaweruza munthu iye kulibe, pongomvera foni imodzi, ndipo cholakwa chimenecho n'chawo poyamba monga Wapampando. Bambo Nyasulu nawonso anaimirira n'kupepesa m'Chitumbuka kwa nthawi yaitali ndithu. Mwachidule anati analakwa. Bambo Harawa anayankha kuti, "Yewo, akulu, zatha," ndipo awiriwa anagwirana chanza.

5.6 Mayi Kachali anafunsa ngati chipepesocho chiulutsidwe pa wailesi. Bambo Harawa anakana. Anati zikatero anthu amene anali asanamve za mano awo amva, ndiponso wowerenga mauthenga ndi iwo omwe, ndiye sangadzipepese okha. M'malo mwake anapempha kuti Mayi Khunga ajambulidwe akufotokoza za kavavu monga atifotokozera ife, kavavuko kajambulidwenso kakulira, kuti omvera adziweruzire okha. Mayi Khunga anavomera kujambulidwa asananyamuke, malinga ngati asaphonye minibasi ya ku Mzuzu.

5.7 Bambo Harawa anapempha kuti Loweruka ndi Lamulungu m'mawa Mayi Mfune apitirize. Anati awamvetsera masiku onsewa ali pakama, ndipo mayina a midzi amatchula bwino chomene, kupatula umodzi umene awauza pambali. Mayi Mfune anathokoza ndipo anafunsa ngati Lachisanu lingawonjezedwe. Bambo Harawa anati asathamange. Komiti inavomereza masiku awiriwo.

6. Zina ndi zina

6.1 Bambo Chimbalanga anapempha kuti pulogalamu yawo ya zaulimi, imene amajambula m'minda, izijambulidwa m'situdiyo miyezi yotenthayi. Mayi Kachali anati alimi sangabwere ndi minda yawo. Pempholi silinavomerezedwe.

6.2 Mayi Mfune anati aphunzitsi a pulogalamu ya ana akufunsa kuti anazimitsa eyakoni pakati pa ndakatulo ndani. Wapampando anati akawapepesa okha.

6.3 Bambo Harawa anapempha kuti atuluke msonkhano usanatsekedwe. Wapampando atafunsa chifukwa, iwo anati akufuna akafike kunyumba msanga. Anati mayi akunyumba, atamva kuti amuna awo akupuma pantchito, anawagulira khasu latsopano, anawagawira kale chigawo cha munda wa fodya, ndiponso anauza waganyu kuti asabwerenso kuyambira Lolemba. Anati nkhani yakuti ntchito yabwerera iyenera kukafotokozedwa mosamala, ndipo anafunsa ngati Wapampando angawaperekeze. Wapampando anati ali ndi maliro ku Phwezi. Mamembala enanso anapezeka kuti ali ndi zochita. Bambo Harawa anapita okha.

7. Msonkhano wotsatira

Udzachitika Loweruka, 16 Novembala 2019, nthawi ya 9 koloko m'mawa, pamalo omwewa.

8. Kutseka

Popanda china chokambirana, Mayi Kachali anapemphera, ndipo anakumbukira Bambo Harawa paulendo wawo. Wapampando anatseka msonkhano nthawi ili 11:35 m'mawa.

Wapampando: Abusa Manasseh Luhanga ........................

Mlembi: Mayi Ida Chiumia ........................