Nsalu ya Ukwati Idikire

Wokondedwa Luningning,

Kuno ku Kalibo tili bwino, mvula yokha ndiyo yanyanya. Azakhali athu, Tiya Pasing, anapala okha masamba a chinanazi, napeza ulusi wofewa wa diresi lako la ukwati.

Koma sabata yatha anachotsa nsalu yako pa chowombera. Ayamba kuwomba ina, atayeza thupi lawo lomwe. Nditawafunsa anandikalipira: "Iwe Doming, usandisokose! Ya ukwati idikire. Iyi siingadikire."

Akamalumikiza ulusi akumapumira pafupipafupi, ndipo mpunga akungoulawa. Za kuchipatala safuna n'kumva komwe.

Mwambo wathu ukuudziwa: ukwati suchitika m'chaka chimene pabanja pagwa... Basi, ndisalaule. Uuze bwenzi lakolo musendeze tsiku pafupi. Nsalu yawoyo akuiwomba mofulumira kwambiri.

Ndine msuweni wako,
Doming