Ludzu la Tiyese

Okondedwa Malume,

Landirani moni kuchokera kwa Greenwell, katswiri wowotcherera zitseko yemwe dera lonse la Biwi limamuvulira chipewa. Kuno tili bwino, kungoti Tiyese tamuika m'manda Loweruka. Ndalemba kalata poti foni yanu imagwira pa Khirisimasi pokha.

Mng'ono wanga uja sanafe ndi misala ayi. Mankhwala ake a mutu ankamwa bwinobwino, mpaka pa bawo ankandidya ineyo, chimphona cha bawo. Koma atayamba kumwa madzi ngati galimoto ya ozimitsa moto, chala chakuphazi chikuwola, inu munalamula kuti, "Musiyeni, ndi mutu wake uja." Mayi anamvera, poti mwinimbumba wayankhula. Tsiku lomwe ndinamubereka kupita naye kuchipatala, adokotala anati ndi shuga, ndipo tachedwa. Mnyamata woti ngakhale imvi imodzi analibe! Kodi wodwala mutu alibe thupi, malume?

Mayi akupereka moni. Mlongo wanga Jacinta, amenenso amamwa mankhwala aja, masiku ano sakusiyana ndi chigubu cha madzi. Mawa ndikukamuyezetsa magazi. Sindikupempha chilolezo, ndikungokudziwitsani.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
Greenwell